Loko wa landilodi si chigamulo cha khoti

Amalawi anzanga, pali nkhanza ina imene tayizolowera m'matauni mwathu mpaka tasiya kuitchula kuti nkhanza. Mwezi ukatha, pofika pa 5 kapena pa 10, tayendani ku Ndirande, ku Mbayani, ku Bangwe, kwa Chinsapo, ku Mtandire, ku Kawale, ku Chibavi kapena ku Chikanda mukaone nokha. Mukapeza chitseko chili ndi maloko awiri, wina wa wokhalamo, wina wa mwini nyumba. Mukapeza nyumba ina yachotsedwa chitseko, ina yasasulidwa malata awiri pamwamba penipeni pa chipinda chogona, mwadala, mwezi wa Januwale mvula ili pakati. Mukapeza mphasa, mapoto ndi makope a ana zili mbwee pabwalo, mwini wake ali kuntchito sakudziwa kanthu. Odutsa m'njira amangoti, "Sadalipire lendi ameneyo," basi nkhani yathera pomwepo, ngati kuti mawu amenewo watulutsa ndi woweruza milandu.

Ine ndikukana. Ngongole ya lendi ndi ngongole, ndipo wokongola aliyense ayenera kubweza. Pamenepo sinditsutsa ndipo sindidzatsutsa. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu mmodzi, chifukwa choti ali ndi nyumba, akhale wodandaula, yemweyo akhale mboni, yemweyo woweruza, wapolisi, sherifu ndi wogulitsa katundu pa okushoni, maudindo onsewa m'mawa umodzi. Dziko lino lidakhalapo zaka 30 pansi pa ulamuliro wa mtundu umenewu, ndipo pa 14 Juni 1993 tidaima pamizere italiitali kuukana. Nanga bwanji tikuulola kuti ubwererenso kudzera kuseri, m'mapuloti mwathu momwe?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti pali telala amene amalipira K40,000 pamwezi, ndipo walephera miyezi iwiri. Ngongole yake ndi K80,000. M'nyumbamo muli makina osokera, matiresi, mabulangete, wailesi, mbaula, ndowa, ziwiya zonse, kuphatikizapo nsalu za makasitomala amene adasiya kuti awasokere. Mtengo wa katundu yenseyo ukuposa ngongoleyo kangapo. Landilodi wabwera, wakhoma loko wake, akuti, "Bweretsani ndalama ndikutsekulireni." Kodi ndalamayo telala aitenga kuti pamene makina amene amam'patsa ndalama mwawatsekera m'nyumba? Ngakhale wakatapila amadziwa kuti nkhuku yoikira mazira saipha.

Pakatha milungu ingapo katundu uja amayamba kumera miyendo. Matiresi apezeka kwa mlamu wa landilodi. Wailesi ikulira m'nyumba yaikulu ya papuloti pomwepo. Makina agulitsidwa kwa munthu wosadziwika, pamtengo wosadziwika. Zotsalazo zaponyedwa m'kakhitchini kodontha kuti nyumba ilowemo wina, ndipo chiswe ndi makoswe zamaliza ntchito. Palibe adalemba mndandanda, palibe mboni, palibe lisiti, palibe chenje. Mwini katundu akapeza ndalama, akabwera nayo, amauzidwa kuti katundu adatha, kapena kuti pali ndalama inanso yosungira katunduyo. Kumudzi kwathu zoterezi tikadazitchula kuti kuba, ndipo a mfumu akadaitanitsa bwalo. M'tauni tazipatsa dzina laulemu loti kugwira katundu.

Ndipo pali zinthu zina zimene sizigulidwa mumsika. Setifiketi ya MSCE imene munthu adaivutikira zaka zinayi za kusekondale. Chiphaso cha unzika, chija tidayamba kulembetsa m'chaka cha 2017, chimene popanda icho kubanki sakuthandiza. Buku la kuchipatala, buku la kusikelo la mwana, makalata a penshoni, zithunzi za makolo amene adatisiya. Mankhwala a shuga, a BP ndi ma ARV, amene munthu saloledwa kudumphitsa. Ndidaonapo ndi maso anga mayi wina atagwada pakhonde, akupempha kuti am'tsekulire kwa mphindi zisanu zokha atengemo mankhwala ndi yunifolomu ya mwana, mwini nyumba atapinda manja, makiyi ali m'thumba. Tandiuzani, abale anga: setifiketi ya munthu wina landilodi akaigulitsa kuti? Yunifolomu ya mwana wa Sitandade 3 ibweza tambala zingati? Zinthu zimenezi sizibweza ngongole. Amazigwira kuti munthu amve kuwawa, ndipo amene amamva kuwawa kwambiri ndi ana, amene sadakongole kanthu kwa wina aliyense.

Khalidwe limeneli silidayambe lero, ndipo ife Amalawi tiyenera kulizindikira msanga kuposa mtundu wina uliwonse. Makolo athu a ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba adali alendi pa dothi la dziko lawo lomwe. Thangata idali lendi yolipira ndi thukuta: ukhale pa esiteti ya mzungu, ulime kwa mzungu, ndipo masiku a ntchitoyo awerenge ndi mzunguyo. Wolephera amathamangitsidwa, nasiya nyumba ndi mbewu zake m'munda. Wolephera msonkho amam'tenthera nyumba, mwinanso kum'gwirira mkazi kufikira atalipira. Mwa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anzake adanyamukira pa 23 Januwale 1915, thangata ya pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero idali pamwamba. Lero tsiku la Chilembwe timapuma ntchito, nkhope yake timaiyendetsa m'matumba pa ndalama zathu, komano tikafika papuloti timachita zomwezo zimene iye adafera.

Inu amene mudabwerako ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare, ku London ndi kwina konse pambuyo pa chikhululukiro cha 1993, nkhani iyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Mukulikumbukira lamulo la Forfeiture Act la 1966, limene linkalola boma kulanda nyumba, galimoto, sitolo ndi ndalama za munthu popanda kum'zenga mlandu m'khoti. Mukukumbukira a Mboni za Yehova, amene adaletsedwa m'chaka cha 1967, nathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Milange m'dziko la Mozambique, atasiya nyumba, ziweto ndi nkhokwe zawo m'manja mwa anthu ena. Mukukumbukira anyamata a malaya ofiira pazipata za misika, olanda katundu wa munthu chifukwa cha khadi. Mudabwera kumudzi, mudapeza m'nyumba zanu mukukhala anthu ena, mipando yanu ikukhalidwa ndi alendo. Bwalo la National Compensation Tribunal lidakhazikitsidwa ndi malamulo a 1994 kuti likupepeseni, lidatsekedwa m'chaka cha 2004 anthu ambirimbiri asadalandire chipukuta misozi chawo, ndipo m'chaka cha 2017 ofesi ya Ombudsman idachita kutulutsa lipoti lokumbutsa boma kuti mabala amenewo sadapole. Inu mukudziwa mmene mumamvekera mumtima munthu akaima kunja kwa chitseko chake chomwe, katundu wake ali m'kati, makiyi ali ndi wina.

Tsono ndinene mosapsatira, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ena mwa ife amene tidalira ndi Forfeiture Act tidamanga timidadada ta lendi kuseri kwa nyumba zathu, ndipo lero tili ndi Forfeiture Act yathuyathu ya m'thumba. Ena amene tidanyamula nyali mu 1993 ndife amene tikutuma anyamata kukasasula malata. Demokalase imene imathera pa bokosi loponyera voti, osafika papuloti, ndi demokalase ya pamsonkhano chabe.

Amene adalemba malamulo aakulu a dziko lino m'chaka cha 1994 ankadziwa zimene akuthawa. Ndime 28 ikunena kuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa. Ndime 21 ikuteteza munthu kuti asasechedwe m'nyumba mwake ndiponso kuti katundu wake asagwidwe. Ndime 19 ikunena kuti ulemu wa munthu sungaphwanyidwe. Ndime 41 ikupereka kwa aliyense ufulu wopita kukhoti kuti nkhani yake ikamvedwe. Wina anganene kuti malamulo amenewa amamanga boma lokha. Ameneyo akawerenge ndime 15, imene ikunena kuti ufulu umenewu uyenera kulemekezedwa ndi boma komanso ndi anthu wamba ndi makampani, paliponse pamene ukuwakhudza. Palibe ndime imene ikuti ufulu wonsewu umatha munthu akalephera lendi miyezi iwiri. Nyumba ya lendi ndi ya landilodi, inde, koma pamene munthu akukhalamo ndi pakhomo pake, ndipo katundu ali m'katimo ndi wake.

Ndikudziwa kuti ena odziwa malamulo pang'ono ayankha kuti lamulo limalola mwini nyumba kugwiritsa katundu wa walendi amene sadalipire. Zoona, njira yotere ilipo, azungu amaitchula kuti distress for rent, ndipo tidailandira kuchokera ku malamulo a ku England amene adayamba kugwira ntchito kuno m'chaka cha 1902. Koma amene amathamangira kutchula lamulo limeneli satchula malire ake. Ngakhale kwawo komweko, m'masiku amakedzana a eni minda ouma mtima, lamuloli silinkalola kugwira katundu usiku kapena tsiku la Sabata. Silinkalola kuthyola chitseko cha kubwalo. Linkateteza zovala, zogonera ndi zida zogwirira ntchito kufika pa mtengo wina wake. Silinkalola kugwira katundu wochuluka kuposa ngongole. Linkafuna kuti papite masiku asanu katundu asadagulitsidwe, ndipo ndalama yotsala ngongole ikabwezedwa inkayenera kubwerera kwa mwini katundu. Kuno kwathu kulanda katundu chifukwa cha ngongole ndi ntchito ya masherifu, amene amabwera ndi chikalata nalemba zimene atenga. Tsono landilodi wa ku Chilomoni amene wafika 9 koloko usiku ndi anyamata awiri ndi chitsulo chothyolera loko akutsata lamulo liti? Ngakhale lamulo la atsamunda likadam'mana.

Eni ake a lamuloli adalitaya. Dziko la England lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2007, limene lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2014, lothetseratu distress for rent; njira imene idatsala ndi ya nyumba zochitiramo malonda zokha. Malinga ndi lamulo la 1977, kumeneko ndi mlandu wa upandu kutulutsa munthu m'nyumba ya lendi mosatsata lamulo kapena kum'vutitsa kuti achoke yekha. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akuchita lendi ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ndime 26 ya malamulo aakulu a 1996 ikunena kuti munthu asatulutsidwe pakhomo pake popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la Rental Housing Act la 1999 lidakhazikitsa mabwalo apadera omva madandaulo a alendi ndi eni nyumba popanda kulipira. Anzathuwa adatuluka mu ulamuliro wa tsankho chaka chomwecho chimene ife tidatuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, 1994. Iwo adakumbukira kuti ufulu umayambira pamene munthu amagona. Ife tidatanganidwa ndi kugawana mipando.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti eni nyumba onse ndi afisi. Landilodi wambiri wa ku Zingwangwa kapena ku Area 25 ndi mayi wamasiye amene zipinda zitatu za kuseri ndiwo munda wake, kapena mkulu wopuma pantchito amene penshoni yake imatha sabata yoyamba. Naye amalipira msonkho kukhonsolo, naye ali ndi ana a sukulu. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti ndi malata udakwera kwa iye monga mmene mtengo wa chimanga udakwerera kwa walendi wake. Ndipo tisanamizane, alipo alendi achinyengo, odya ndalama ya lendi kumowa, osamuka pakati pa usiku atasiya ngongole ya madzi ndi magalasi osweka. Mayi wamasiye uja akaganiza zopita kukhoti, nawerengera ndalama ya minibasi, masiku odikira ndi milandu yomangosinthidwa tsiku, amaona kuti loko wa mumsika ndiye wachangu.

Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi kukonza njira ya chilungamo kuti ikhale yachangu ndi yotsika mtengo. Kuchedwa kwa makhoti sikusandutsa munthu wamba kukhala woweruza. Tikavomera mfundo imeneyo, mawa wagolosale adzalowa m'nyumba mwanu kudzatenga wailesi chifukwa cha ngongole ya shuga, mkuja bwana wanu adzagwira njinga yanu, ndipo landilodi yemweyo, amene naye ali ndi ngongole kwina, adzapeza loko wachilendo pachitseko chake. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi yankho limene walendi amalandira akapita kukadandaula. Kawirikawiri amangouzidwa kuti imeneyo ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, mukakambirane. Inde, ngongole ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri. Koma kuthyola chitseko, kuwononga katundu, kuopseza munthu ndi zikwanje ndi kugulitsa zinthu za eni ake zili m'buku la milandu ya upandu, ndipo wapolisi amene sakusiyanitsa zinthu ziwirizi akufunika kubwerera kusukulu ya ntchito yake. Nawonso mafumu a m'matauni ndi atsogoleri a mabuloko, ambiri mwa iwo ndi eni nyumba za lendi. Mbuzi ingakawine bwanji mlandu pabwalo la afisi?

Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 16 mwa anthu 100 alionse ankakhala m'matauni. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, nyumba zake zimafikira ochepa. Otsalawo, aphunzitsi, alonda, amakaniko, ogulitsa kaunjika, anyamata a kabaza, ali m'manja mwa eni mapuloti, ambiri popanda pepala lililonse la mgwirizano. Anthu amenewa amavota. Kodi aphungu a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba adaimapo liti m'Nyumba ya Malamulo kuwalankhulira? Kapena tinene kuti akhala chete chifukwa nawonso ndi malandilodi?

Ndikupempha aphungu athu lamulo limodzi lomveka bwino, lomasuliridwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, lopachikidwa pa ofesi iliyonse ya khonsolo. Linene kuti munthu satulutsidwa m'nyumba yogona popanda notisi yolembedwa ndi chigamulo cha khoti. Linene kuti kukhoma loko, kuchotsa chitseko, kusasula malata ndi kudula madzi kapena magetsi pofuna kuthamangitsa munthu ndi mlandu. Lithetse kugwira katundu wa m'nyumba zogona monga adachitira eni ake a lamuloli. Linene kuti zikalata, mankhwala, zovala, zogonera, ziwiya, mabuku a ana ndi zida za ntchito sizikhudzidwa ndi ngongole ya mtundu uliwonse. Katundu wosiyidwa m'nyumba azilembedwa pamaso pa mboni ziwiri, azisungidwa pouma kwa nthawi yodziwika, ndipo wotaya kapena kugulitsa katundu wa mnzake azilipira mtengo wake wonse. Ndipo kuti mayi wamasiye uja asaponderezedwe, pakhale bwalo la nkhani za lendi mumzinda uliwonse, losafuna loya, logamula m'masabata ochepa, lokhala ndi mphamvu yolamula walendi kulipira pang'onopang'ono kapena kutuluka pa tsiku lodziwika.

Pamene tikudikira aphungu kuti adzuke, inu a lendi dzitetezeni, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Polowa m'nyumba lemberanani, ngakhale pa pepala la m'kope: lendi ndi zingati, tsiku lolipira ndi liti, notisi ndi ya masiku angati, ndipo asayinire onse awiri pamodzi ndi mboni. Musapereke ndalama popanda lisiti, ndipo mukatumiza pafoni uthengawo musaufufute. Lembani katundu wanu yense, mujambule ngati muli ndi foni yojambula. Zikalata zofunika zikhale pamodzi, ndipo mafotokope ake akhale kwa mbale. Mukaona kuti mwezi uno zavuta, pitani nokha kwa eni nyumba tsiku lisadafike, mupereke zimene muli nazo, mulonjeze zimene mungathe, pakuti kubisala kumakwiyitsa ngakhale munthu wabwino. Akakutsekerani katundu musathyole loko ndipo musamenye munthu, chifukwa mlandu udzatembenukira inu. Itanani mboni, lembani tsiku ndi zonse zimene zili m'katimo, pemphani katundu wanu m'kalata, ndipo mupite kukhoti la majisitireti, ku Legal Aid Bureau kapena ku Malawi Human Rights Commission. Mabungwe amenewa amayendera misonkho yanu, si achifundo ayi.

Ndipo inu anansi, lekani kuonerera ngati kanema. Mukaona katundu wa mnzanu akutayidwa pabwalo, musungireni, mulembe zimene mwaona, mukaime naye ngati mboni. Musagule matiresi kapena makina osokera amene mukudziwa bwino lomwe kuti achokera m'nyumba yokhomedwa loko; wogula zoterezi ndi mnzake wa wolandayo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ulamuliro wolanda katundu wa anthu udakhalitsa zaka zonse zija chifukwa aliyense ankati bola sizili pa ine, ndipo udagwa tsiku limene anthu wamba adasiya kuopa. Eni nyumba alandire lendi yawo yonse mpaka tambala yomaliza, koma ailandire podzera pakhomo la lamulo. Katundu wa munthu wosauka naye ali ndi mwini wake.